Kutopa kwa Wodwala Khansa: Zoyambitsa Zake ndi Zimene Banja Lingachite

Kabuku aka ndi ka mabanja amene akusamalira munthu wodwala khansa, komanso ka wodwalayo mwini wake. Tikukamba za kutopa, vuto limene odwala ambiri amati limawasowetsa mtendere kuposa ululu, chonsecho akalowa kwa adokotala salitchula n'komwe.

Kutopa kwake n'kotani?

Munthu akalima tsiku lonse amatopa, koma akasamba, n'kudya nsima, n'kugona, m'mawa amadzuka ali gwa. Kutopa kwa khansa sikutero. Wodwala amagona usiku wonse, kukacha n'kudzuka thupi litalobodoka. Kuchoka pamphasa kupita kuchimbudzi kumasanduka ulendo wofuna kupumira panjira. Ena amatopa ndi kutafuna komwe. Kutopaku kumafikanso m'mutu: kuiwalaiwala, kulephera kutsatira nkhani, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Mudzawamva akuti, "Miyendoyi ikulemera," kapena, "Mtima ukufuna ntchito koma thupi likukana."

Umenewu si ulesi, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwira. Mayi amene ankadzuka tambala woyamba akayamba kugona mpaka dzuwa kukwera, achibale amayamba kunong'ona kuti akudzilekerera, makamaka ngati alibe bala looneka. Mawu otere amapweteka, komanso amachititsa wodwala kubisa mmene akumvera, n'kumadzikakamiza kupita kumjigo mpaka kukagwa ndi ndowa.

Chofunika kudziwa n'chakuti kutopaku sikuchokera kumodzi. Kuli ngati mtolo wa nkhuni: si nkhuni imodzi imene ikulemetsa, ndipo ngakhale simungathe kuutula wonse, mukasolola zitatu kapena zinayi wosenzayo amayamba kuyenda bwino. Zoyambitsa zina sitingazichotse, koma zambiri zili ndi chithandizo. Ntchito ya banja ndi kufufuza kuti mwa zimene zalembedwa m'munsizi, n'ziti zimene zikupezeka pa wodwala wanu.

Matendawo ndi chithandizo chake

Khansa payokha imatopetsa. Thupi likamalimbana ndi chotupa limatulutsa zinthu m'magazi zimene zimachotsa chilakolako cha chakudya ndi kudya minofu. N'chifukwa chake amene matenda awo afalikira amatopa kwambiri kusiyana ndi amene awapeza msanga.

Chithandizo nachonso chimatopetsa, ndipo chilichonse chili ndi kachitidwe kake. Mankhwala a kemo amaperekedwa m'zigawo, kawirikawiri patadutsa masabata angapo pakati pa dripi ina ndi inzake. Masiku oyamba munthu akangolandira ndi amene amavuta, kenako mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono pamene tsiku la dripi yotsatira likuyandikira. Radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza cha makina, imachita mosiyana: sabata yoyamba munthu samva kanthu kwenikweni, koma kutopa kumawunjikana mpaka kufika pachimake chakumapeto kwa chithandizocho ndi masabata otsatira. Pambuyo pa opareshoni, thupi limafuna masabata kapena miyezi kuti libwerere. Wolandira ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi nthawi imodzi kapena motsatizana, monga zimachitikira amayi ambiri odwala khansa ya m'mawere kapena ya khomo la chiberekero, ndiye amatopa koposa.

Kutopa kwa nthawi ya kemo sikutanthauza kuti mankhwala akulephera kapena kuti matenda akukula. Musasiye chithandizo pa chifukwa chimenechi. Auzeni adokotala, iwo ndi amene angaone zosintha. Dziwaninso kuti ena amapitiriza kutopa miyezi, ngakhale zaka, chithandizo chitatha. Musamawafunse kuti, "Paja anati mwachira, nanga mukugoneranji?"

Kuchepa kwa magazi

Ichi ndi choyamba kuchifufuza, chifukwa kuno kwathu n'chofala ndipo kuchipeza n'kosavuta. Magazi ndi amene amanyamula mpweya kuupititsa ku minofu ndi ku ubongo. Akachepa, munthu amachita befu pongoyenda pang'ono, mtima umagunda mothamanga, amamva chizungulire akaimirira, mutu umawawa. Tsitsani chikope cham'munsi muone mkati mwake, muonenso lilime ndi zikhatho, pamalo powala. Mukaona kuti zatuwa, pitani mukayezetse.

Pa wodwala khansa, magazi amachepa m'njira zingapo. Kemo imafooketsa mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi. Kusadya mokwanira kumawonjezera. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo nazo zimatenga gawo lawo. Koma njira imene imabisika kwambiri ndi kutaya magazi. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse, ndipo khansa imeneyi imatulutsa magazi kumaliseche, nthawi zina pang'onopang'ono koma tsiku ndi tsiku. Mayi wamkulu sangauze mwana wake wamwamuna kapena mkamwini nkhani yotere. Amangochapa nsalu zake mobisa, banja n'kumadabwa kuti bwanji akufooka pamene akudya. Choncho pakhale munthu wamkazi amene wodwalayo amamasuka naye, mchemwali wake, mwana wake wamkulu kapena mnzake wa kumpingo, woti azimufunsa paseri kuti akusintha nsalu kangati patsiku. Kwa odwala onse, onaninso ngati m'mkodzo, m'masanzi kapena m'chimbudzi muli magazi, kapena ngati chimbudzi chikutuluka chakuda bii.

Kuchipatala amayeza chimene amachitcha Hb. Kwa mayi amene sali woyembekezera, Hb ikatsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa; kwa bambo ndi pansi pa 13. Pemphani akuuzeni nambalayo ndipo aiike m'buku la kuchipatala, kuti ulendo wina muyerekeze. Ikatsikitsitsa, munthu amafunika kuikidwa magazi. Magaziwo sagwa kumwamba, amachokera kwa anthu opereka mwaufulu ku Malawi Blood Transfusion Service ndi m'zipatala. Achibale athanzi amene amafunsa kuti, "Tithandizepo chiyani?" yankho limodzi ndi limeneli.

Pali chikhulupiriro chakuti chakumwa chilichonse chofiira, monga madzi a chidede, madzi owiritsa masamba a mapeyala kapena zakumwa za m'mabotolo, chimawonjezera magazi. Kufiira kwa madzi si magazi. Chidede munthu atha kumwa ngati chakumwa, koma chisachedwetse ulendo wa kuchipatala. Nawo mapiritsi owonjezera magazi musangogula pagolosale. Amathandiza pokhapokha ngati vuto ndi kuchepa kwa ayironi. Ngati vuto lachokera ku kemo, angomuwonjezera kudzimbidwa.

Ululu, tulo ndi mankhwala

Munthu amene akumva ululu sagona, ndipo amene sagona amamva ululu kwambiri. Odwala athu ambiri amapirira mopitirira muyeso, poopa kuvutitsa ana kapena poopa morphine. Ena amati morphine ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kutisiya. Si zoona. Morphine wamadzi, akamwedwa pa mlingo umene achipatala alemba, kawirikawiri maola 4 alionse, amachotsa ululu n'kumupatsa munthu mpata wogona, kudya ndi kuyenda. Masiku awiri kapena atatu oyamba amawodzeretsa, kenako thupi limazolowera. Ngati kuwodzera kukupitirira, kapena wodwala akuvuta kumudzutsa, dziwitsani achipatala tsiku lomwelo. Chimene sichizolowereka ndi kudzimbidwa. Pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwe mwalandira morphine.

Mankhwala ena amene amapezeka m'nyumba zambiri nawo amagonetsa: piriton, promethazine, amitriptyline, diazepam. Pamene dexamethasone ndi prednisolone amathawitsa tulo akamwedwa madzulo, choncho funsani ngati n'kotheka kumwa m'mawa. Popita kuchipatala ikani m'jumbo chilichonse chimene wodwala akumwa, kuphatikizapo zitsamba ndi mabotolo ogulidwa kwa ogulitsa oyendayenda. Musachite manyazi. Zina mwa izo zimawononga chiwindi ndi impso, kapena kusemphana ndi kemo, ndipo dokotala sangadziwe ngati sanazione. Mowa ndi fodya zimawonjezera kufooka. Zakumwa zija amati n'zopatsa mphamvu zimangothamangitsa mtima ndi kulanda tulo.

Za tulo: wodwala azigona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Tulo ta masana tisapitirire ola limodzi, ndipo tisakhale ta chakumadzulo. Tiyi ndi khofi zikhale za m'mawa.

Chakudya ndi madzi

Nseru, zilonda za m'kamwa, kusintha kwa kakomedwe ka zakudya ndi kutsegula m'mimba zimachititsa kuti wodwala adye zochepa pa nthawi imene thupi likufuna zambiri. Mbale yodzaza ndi mitanda itatu ya nsima imamugwetsa ulesi asanayambe n'komwe. Mupatseni pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, m'kambale kakang'ono, ndipo chakudya chabwino koposa chibwere nthawi imene iye amakhala ndi mphamvu, yomwe kwa ambiri ndi m'mawa.

Magulu 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa ndi omwewo: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Sikuti mufune zodula za m'sitolo. Phala la mgaiwa kapena Likuni Phala lothira nsinjiro, supuni ya mafuta ophikira, dzira kapena mkaka limapatsa mphamvu zambiri kuposa phala loyera la ufa woyera. Usipa kapena matemba osinja athiridwe m'ndiwo. Bonongwe, chisoso, khwanya ndi nkhwani zotendera, nyemba, nandolo, chiwindi pamene chapezeka, zonsezi zimathandiza kupanga magazi. Zipatso monga magwafa, malalanje, mango ndi malambe zimathandiza thupi kutenga ayironi m'zakudya, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga. Tiyi adikire kaye ola limodzi.

Khansa ya kummero, imene ilinso yofala kwambiri m'Malawi, imafuna chisamaliro chapadera, chifukwa munthu njala amaimva koma chakudya sichitsika. Poterani ndi kusefa zakudya: phala lamadzimadzi, msuzi wa nyemba zosefa, mapeyala ndi nthochi zopota, thobwa, mkaka. Adye atakhala tsonga, ndipo asagone pansi atangotha kudya. Ngati ngakhale madzi akubwerera, pitani kuchipatala. M'zipatala zina zazikulu amatha kuika kachubu kotsegula njira ya kummero.

Madzi akachepa m'thupi, munthu amalefuka msanga. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, akufunika kumwa. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo akatsegula m'mimba kapena kusanza mupatseni Thanzi ORS.

Mawu amodzi kwa amene akusamalira munthu yemwe matenda afika patali: pamafika nthawi imene thupi silithanso kugwiritsa ntchito chakudya, ndipo munthu amawonda ngakhale muphike bwanji. Kuwondako si umboni wakuti mukumumana. Musamukakamize ndi supuni, ndipo musalole kuti achibale ochokera kutali akunyozeni nazo.

Matenda ena obisala kumbuyo

Munthu akapezeka ndi khansa, chilichonse chimene wamva timati ndi khansayo. Komatu wodwala khansa amadwalanso malungo, chibayo ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo amazitenga mosavuta chifukwa chitetezo chake chatsika. Azigona m'neti usiku uliwonse. Chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku ndi kutentha thupi kobwerezabwereza zikayezedwe. Shuga, BP, matenda a mtima ndi a impso akapanda kusamalidwa amafooketsanso, choncho masiku a kiliniki ya matenda amenewa asaiwalike chifukwa cha maulendo a kemo.

Odwala ambiri a khansa ya pakhungu ya Kaposi, ndi amayi ambiri odwala khansa ya khomo la chiberekero, alinso ndi HIV. Kwa iwo, kusiya ma ARV ndi njira yachidule yofookera. Ngati nseru ikulepheretsa kumwa, kauzeni a ku kiliniki ya ma ARV kuti athandize nseruyo. Amene sanayezetse HIV ayezetse.

Maganizo

Nkhawa imatopetsa ngakhale munthu asananyamule kanthu. Wodwala amagona chagada akuwerengera: fizi ya ana, ndalama ya minibasi yopitira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, munda umene sunapaliridwe, mwamuna amene wayamba kufika usiku, mphekesera zakuti walodzedwa kapena kuti matendawa ndi opatsirana. Khansa sipatsirana pogwirana, podyera mbale imodzi kapena pogona nyumba imodzi. Amene amakhala okha, amasiye ndi amene banja lawo lasokonekera chifukwa cha matendawa amapezeka otopa kwambiri.

Mabanja ena amagwirizana kuti wodwala asauzidwe dzina la matenda ake. Cholinga chimakhala chabwino, koma nthawi zambiri mwini wake amadziwa kale. Amaona nkhope zanu, amamva mukunong'onezana pakhonde. Kenako aliyense amanyamula yekha chimene akanagawana. Mufunseni kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji, ndipo pemphani namwino akuthandizeni kukambirana.

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthu sakusangalala ndi kalikonse, akungolira, akudziona wopanda pake kapena akunena kuti kuli bwino angofa, amenewo ndi matenda a maganizo ndipo ali ndi chithandizo. Akatchula zodzipha, musamusiye yekha, sungani mankhwala patali, ndipo mupite naye kuchipatala.

Tinenepo za odzazonda. Kuzonda matenda ndi chikhalidwe chabwino, ndipo amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati ndi a kumzikiti agwiriziza mabanja ambiri. Koma gulu likalowa, wodwala amadzuka, kumanga chitenje, kuyankha moni wa aliyense, kufotokoza matenda kuyambira pachiyambi, ndipo likangotuluka lina lafika. Pofika madzulo alibe mphamvu yodyera. Pakhale wamkulu mmodzi woimira pakhomo, wonena mwaulemu kuti, "Zikomo kwambiri pobwera, amayi angogona kumene, lowani awiri okha muwaone pang'ono." Mapemphero akhale aafupi. Wodwala amene ali pa chithandizo asachezere usiku wonse m'mapemphero, ndipo za kusala kudya akambirane kaye ndi adokotala pamodzi ndi atsogoleri a chipembedzo chake. Amene ali ndi chimfine kapena chifuwa apereke moni ali panja.

Kugona tsiku lonse kumawonjezera kutopa

Izi zimadabwitsa anthu ambiri. Poona kuti munthu watopa, timamuyalira mphasa n'kumuletsa kugwira chilichonse. Koma minofu imene sikugwira ntchito imafota msanga, ndipo munthu amene wagona sabata yathunthu amadzuka wofooka kuposa mmene anagonera. Pa njira zonse zimene akatswiri ayesa pochepetsa kutopa kwa khansa, kuyenda ndi kulimbitsa thupi mopepuka ndi imodzi mwa zimene zaonetsa phindu lenileni.

Yambani pang'ono: mphindi 5 kapena 10 kuzungulira pabwalo, m'mawa kapena dzuwa litapepa, wina ali pambali. Zikayenda bwino onjezerani pang'ono sabata yotsatira. Muyeso wake ndi wakuti azitha kulankhula akuyenda. Amene sangathe kudzuka akhale tsonga m'mphepete mwa bedi, azipinda ndi kutambasula miyendo, kukweza manja, kuzungulitsa mapazi. Asayende tsiku limene thupi latentha, pamene akumva chizungulire kapena kuwawa pachifuwa, kapena magazi atachepa kwambiri. Ngati khansa yafika m'mafupa, funsani kaye achipatala, chifukwa fupa lotere limathyoka mosavuta.

Kusinja, kutunga madzi, kutema nkhuni ndi khasu zipite kwa ena. Koma musamulande zonse. Kusankha nyemba, kuswa mtedza, kutongola chimanga, kuyang'anira adzukulu, kuuza anyamata pobzala chiyani, zimenezi zimamukumbutsa kuti akadali mwini khomo. Ikani kampando kubafa ndi pamoto kuti azichita zinthu atakhala. Ngati chimbudzi chili patali, usiku pakhale chidebe chokhala ndi chivundikiro. Tsiku limene wadzuka bwino asabweze ngongole ya ntchito zonse za sabata, chifukwa mawa lake adzagona osadzuka.

Kuyeza kutopa ndi kukufotokoza kuchipatala

Kutopa sikuoneka pa sikelo kapena pa makina, ndiye mukapanda kunena, dokotala amene ali ndi mzere wautali panja sadziwa. Madzulo aliwonse mufunseni wodwala kuti apereke nambala kuyambira 0, kutanthauza kuti sakutopa, mpaka 10, kutanthauza kutopa kotheratu. Agogo amene manambala amawavuta, ayikireni nyemba khumi pambale asankhepo zochuluka molingana ndi mmene akumvera. Lembani m'kope, pamodzi ndi tsiku la dripi, mmene anagonera ndi zimene anadya. Pakatha masabata ochepa mudzaona masiku ovuta ndi masiku abwino, ndipo ukwati, msika kapena ulendo muzizikonzera masiku abwinowo.

Kuyambira 1 mpaka 3 ndi kutopa kochepa. Kuyambira 4 mpaka 6 n'kofunika kukanena pa ulendo wotsatira. Kuyambira 7 kupita m'mwamba musadikire tsiku limene anakulemberani. Pofotokoza musangoti "akufooka". Nenani chimene chasintha: "Adokotala, mwezi watha amayiwa ankafika okha kutchalitchi, lero sakutha kusamba okha. Usiku akudzuka kanayi ndi ululu, ndipo akutayabe magazi. Tingawayezeko magazi?"

Zizindikiro zofuna kuthamangira kuchipatala

- Kutentha thupi kofika madigiri 38, kapena kunjenjemera, mwa munthu amene ali pa kemo. Chitetezo chimatsikitsitsa kawirikawiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni dripi. Musangomupatsa panado n'kudikira kuche.
- Kubanika ngakhale atangokhala, kuwawa pachifuwa kapena kukomoka.
- Kutaya magazi ambiri kapena osaleka.
- Kusokonezeka mutu, kubwebweta kapena kuvuta kumudzutsa.
- Kusakodza tsiku lonse, kapena kutupa nkhope ndi miyendo.
- Kusanza chilichonse, ngakhale madzi.
- Miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi mwadzidzidzi, makamaka pamodzi ndi kuwawa kwa msana kapena kulephera kugwira mkodzo.

Gadiyani, ndi kokapeza thandizo

Kawirikawiri matenda amagwera munthu mmodzi, mwana wamkazi kapena mkazi wa wodwalayo, amene amagona pansi kuchipatala, kuphika, kuchapa, n'kubwereranso kumunda. Iyeyo akagwa, wodwala wagwanso. Khalani pansi monga banja, pamodzi ndi eni mbumba, mugawane masiku, ndalama ya ulendo ndi ntchito ya kumunda. Amene ali kutauni kapena ku Joni asamangoimba foni yofunsa; atenge gawo lodziwika. Mwana wa sukulu asasiyitsidwe sukulu kuti akhale gadiyani.

Chithandizo cha khansa chimapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli National Cancer Centre, ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Zambia kuli Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Palinso chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto ena a matenda aakulu, chomwe achipatala amachitcha palliative care. Ku Queen Elizabeth kuli Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchitoyi. Chisamalirochi si cha masiku otsiriza okha. Munthu atha kuchilandira akadali pa kemo. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti chapafupi chili kuti.

Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, tengani kope lija, buku la kuchipatala ndi jumbo la mankhwala, ndipo nkhani ya kutopa muitchule poyambirira, adokotala asanayambe kulemba.